Chinsalu cha Ndege cha Che Majidi

Muno mu Ndirande ndi nyumba zochepa zimene mungalowe osapeza chithunzi chojambula Che Majidi. Ndi bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, woyenda ndi kamera pakhosi ngati chithumwa. Ine Dominiko ndimawadziwa bwino chifukwa benchi langa, pamene ndimagulitsa maambulera, zipeso ndi polishi wa nsapato, layang'anizana ndi khonde la golosale pamene ankajambulira kale.

Chuma chawo chinali chinsalu chachikulu chojambulidwa ndege ikunyamuka. Anachisoka ndi kuchipenta malemu bambo awo, amene anali telala. Loweruka anyamata a m'mafakitale a ku Makata ankachita kulimbirana kuima patsogolo pa ndegeyo, wotchi yobwereka ili pamkono, kuti akumudzi aone kuti m'tauni zikuyenda.

Kenaka a Obed, mlamu wake wa mwini golosaleyo, anatsegula situdiyo kumtunda kwa msika. Magetsi analimo, mpando wawofuwofu unalimo, koma kumbuyo kunali khoma loyera basi. Ndani angatumize khoma kumudzi? Anthu anapitiriza kubwera ku ndege.

Tsono a Obed ananong'oneza mlamu wawo kuti pa bolodi loonetserapo zithunzi la Che Majidi pali chithunzi cha mtsikana woonetsa mawondo. Mukudziwa nokha kuti masiku ano diresi lalifupi ndi mlandu. Chithunzi chotero panalibe, koma mwini golosale anachita mantha. Anathamangitsa Che Majidi pakhonde tsiku lomwelo, chinsalu n'kuchitsekera m'sitolo, ati mpaka nkhani ifufuzidwe. Mwezi usanathe tinachiona chitapachikidwa mu situdiyo ya a Obed.

Munali mu Disembala, mvula itayamba kale. Che Majidi anakhoma bolodi lawo pambali pa benchi langa. Sanatukwane, sanapite kukadandaula kwa aliyense. Anangoyang'ana kumtunda n'kunena kuti, "Mphwanga, munthu uja ndidzamujambula."



Anayamba kujambula panja, pamvula pomwepo. Kamera anaiveka pepala lapulasitiki loboola pamalo a diso, kansalu kopukutira kali m'thumba la malaya. Ankati mitambo ndi bwenzi la mjambuli, chifukwa munthu satsinzina ndipo nkhope imatuluka yosalala. Ine ndinaona mwayi: ndinayamba kubwereketsa maambulera anga kwa ojambulitsa. Ambiri akaugwira sankafunanso kuubweza, ankangogula. Che Majidi ankasankha oyererako kuti nkhope isade, n'kuwauza kuti aupendeketse chakumbuyo. Ankadziwanso bwino pamene madzi amagwera, kunsonga za mawaya, ndipo palibe kasitomala wawo amene anadonthedwapo.

Malonda ankayenda, koma mtima wawo sunazizire. Tsiku lililonse potseka ankayang'ana kumtunda kuja.

Chinsinsi ndinachitulukira ndine. A Obed ankagula kwa ine polishi wakuda kawirikawiri, chonsecho nsapato zawo zonse n'zofiirira. Komanso kukangochita mdima wa mvula sankatuluka opanda chipewa. Nditawauza Che Majidi, anamwetulira koyamba chichokereni pakhonde paja.

"Imvi," anatero. "Akubisa imvi."

Mu Febuluwale tinamva kuti a Obed akuchita chinkhoswe ndi Petronela, mtsikana wotayipa mu ofesi, wa ku Kanjedza. Kwa akuchikazi anadzitchula mnyamata wosakwana zaka makumi atatu. Mjambuli sangadzijambule yekha, ndipo azakhali a mtsikanayo anati ndi mvumbi umenewu palibenso wina koma Che Majidi. A Obed akanakana bwanji pamaso pa apongozi?

Ndinapita nawo nditanyamula maambulera ogulitsa. Mwambo unachitikira pakhonde ndi m'nyumba chifukwa kunja kunkawaza. Utatha, Che Majidi anati m'nyumba muli mdima, awiriwo atuluke akaime pafupi ndi mtengo wa mango, msana ataulozetsa kwa alendo. Anandiuza kuti ndipereke ambulera waung'ono kuposa onse, n'kumugwiritsa Petronela.

"Akulu, chipewacho vulani. Chikubisa nkhope."

"Chili bwino chonchi," anatero a Obed.

"Vulani, bambo!" azakhali aja anakuwa ali pakhonde. "Tikufuna tione nkhope ya mkamwini, osati chipewa!"

Anthu anaseka. A Obed anavula.

"Sunthirani uko pang'ono, musapanikize mkwatibwi. Pang'ononso. Eya, pomwepo. Mlongo, inu maso kuno, musacheuke."

Anaimika a Obed ndendende pansi pa nsonga ya waya. Kenaka anayamba kupukuta diso la kamera, mosafulumira. Anasuzumira, n'kupukutanso.

"Tajambulani, Majidi!"

"Pepani akulu, kamtambo aka kadutse kaye. Ine sindifuna ntchito yothamanga."

Madzi ankadontha pakati pa mutu. Ndinaona mzere wakuda ukutsika pachipumi, kudutsa pambali pa mphuno, mpaka pakolala ya malaya oyera. Wina unatsika kukhutu. Pamwamba pa mutu panayamba kuyera ngati phulusa.

"Sekererani, akulu."

Kamera inalira. A Obed anagwira pachipumi, n'kuona chala chili bii. Anavala chipewa msangamsanga, anakweza kolala ya jekete, n'kuthawira kuseri kwa nyumba, ati m'mimba mwawapotokola. Palibe anazindikira, ngakhale Petronela.

Zithunzi zitatsukidwa m'tauni, zina zonse zinapita ku Kanjedza. Chimodzi Che Majidi anachikhoma pakati pa bolodi chitayang'ana kuthabwa. Aliyense wodutsa ankafunsa, iwo n'kumangoti, "Mwini wake sanabwere. Akachedwa ndichitembenuza." Mbiri inakwera yokha mpaka kumtunda.

A Obed anabwera m'mawa wina, msika usanadzaze.

"Achimwene, tikambirane ngati akuluakulu."

"Lero ndakhala achimwene?"

Anachotsa chithunzicho n'kuwaonetsa, osawagwiritsa. A Obed anayamba kupisa m'thumba, koma Che Majidi anapukusa mutu.

"Sindikugulitsa. Ndikufuna chinsalu cha bambo anga. Mubwere nacho nokha, chili pamutu, mudutse pakati pa msika masana mvula ikugwa. Chipewa ayi, ambulera ayi. Mukafika pano munene mokweza mwini wake. Mukapanda kutero, ichi chikwera basi ya ku Kanjedza."

Ndinkaganiza kuti sabwera, chifukwa mvula ikanaulula zomwe ankabisazo. Koma munthu akapanikizika amaganiza. Loweruka masana, mvula ikukhuthuka, tinamva amayi ogulitsa tomato akululutira. A Obed ankatsika, chinsalu chokulunga chili pamutu, mutuwo atameta mpala wonyezimira.

"Mwaferedwa kodi, bambo a situdiyo?" wina anakuwa.

Anafika pa benchi langa madzi akuchucha m'makutu. Anatula katunduyo.

"Chinsaluchi ndi cha Che Majidi."

"Sindinamve. Mvula ikusokosa."

Anabwereza mokuwa, msika wonse unamva. Che Majidi anafunyulula chinsalucho pansi pa denga la benchi langa, n'kuyendetsa chala pamsoko uliwonse, kuyambira kumphuno kwa ndege mpaka kumchira. Atakhutira anapereka chithunzi chija pamodzi ndi negetivi yake. A Obed anazing'amba pomwepo.

Ukwati unachitika, ndipo Petronela akuti mpalawo amaukonda. Mwini golosale anatuma mawu kuti khonde lilipo, koma Che Majidi sanabwerereko. Kukacha bwino amamanga ndege yawo pakati pa mitengo iwiri kuseri kwa benchi langa. Kukagwa mvula amaipinda bwinobwino n'kutenga ambulera. A Obed akapereka moni, iwo amapukuta diso la kamera.

Ine ndinataya kasitomala wa polishi wakuda. Koma ndayamba kuoda zipewa, ndipo choyamba anagula ndi a Obed.