Wofuula Mfundo za Khoka

Ndikukumbukira onse amene analipo tsiku lija pagombe la Chia: a Jafali eni khoka, amalume anga a Saidi, anyamata okoka mbali ziwiri, ndi ine Bwanali, mwana wa zaka khumi, pakamwa ngati lipenga.

Khoka likaponyedwa kutali, silioneka. Okoka amangoona madzi ndi chingwe chowasupula m'manja. Zingwezo zinali ndi mfundo, ndipo ntchito yanga inali kufuula mfundo iliyonse ikatuluka m'madzi, kuti a mbali inayo ayendere limodzi nafe, adziwenso kutalika kotsala.

Tsikulo a Jafali anadzuka ndi mutu. Anati, "Iwe, tseka pakamwapo! Ukuthamangitsa nsomba."

Ndinakhala chete. Dzuwa linakwera, thukuta likuyabwa m'maso. A mbali inayo, posamva mawu anga, anayesa khoka lakodwa pamwala. Anataya chingwe, nakhala pamchenga. Ife tinakokabe, khoka linapendekeka, chambo chonse n'kutulukira pambali. Tinavuula ndere zokhazokha.

Amalume anandikoka khutu mpaka linatentha. "Ngakhale akuletse mwini khoka, fuula! Wokoka akapanda kumva pamene wafika, amataya chingwe."

Chichokereni tsikulo palibe wanditseka pakamwa.

Tsopano mwana wanga Yusufu anapanga pulogalamu ya pakompyuta ya kalabu yathu ya mpunga, yosunga mayina a alimi ndi matumba awo. Ikamawerengera za chaka chonse imachedwa zedi, ndiye iye anaikamo kamzere kobiriwira kamene kamakwawa pang'onopang'ono, nambala yosonyeza pamene yafika ili pambali. Koma kompyutayo imayang'ana kalaliki. Alimi ali pakhonde saona kanthu.

Tsiku loyamba kuiyesa, anthu anayamba kung'ung'udza. "Yafa imeneyo!" Wina anati, "Akufufuta mayina athu. Zimitsani, tibwerere ku makope!" Ena anali atakwera kale njinga. Kalaliki akanazimitsa, ntchito ya Yusufu ikanathera pomwepo.

Zilembo zimandivuta, inde, koma nambala ndimazidziwa. Ndinaima kumbuyo kwa kalaliki, n'kuyamba kufuula nambala za pakamzere paja. "Sate! Ikuyenda! Fote!"

A tcheyamani anati, "A Bwanali, muno ndi mu ofesi."

Ndinati, "Ofesi yake iti yoposa nyanja? Theka! Tsikani panjingapo, a Phiri, theka!"

Anthu anaseka, ena n'kumandiyankha ngati nyimbo, koma anakhala pansi. Kamzere katadzaza, mayina onse anatuluka, aliyense ndi matumba ake.

Anene zonena, ati mdala waphokoso. Ine ndikudziwa kuti munthu amapirira ntchito ngakhale italike bwanji, bola wina azimuuza pamene yafika. Chimene sapirira ndi chete.

Pobwerera, Yusufu anakankha njinga mpaka pamlatho. Kenako anati, "Bambo, mwandichititsa manyazi kwabasi. Lolemba tikuwerengeranso, mufike msanga."