Chitunda cha a Jailosi

Malume anga a Jailosi amakonza njinga pa Thambani, koma mukawafunsa ntchito yawo amati ndi kochi. Atha zaka makumi awiri akuphunzitsa mpira ana a m'midzi popanda wowapatsa ngakhale sopo. Bwalo lawo lili kuseri kwa msika, ndipo ndi lopendekeka moti mpira ukausiya pakati umayamba wokha ulendo wopita kugolo la kumunsi.

Malume anali ndi lamulo limodzi. Timu yawo ikapambana mayere osankha mbali, inkayamba ndi kukwera chitunda, kuti chigawo chachiwiri, anzawo atatopa, iyo izingotsetsereka. Luso la mwana ankaliyesanso pachitunda pomwepo. "Kumtsetse ngakhale mbuzi imagoletsa," ankatero. "Ine ndimaona yemwe akuthamangabe atalandidwa mpira."

Mwa ana onse amene anadutsa m'manja mwawo, panalibe wofanana ndi Yakobe, mnyamata wa zaka 16 wosewera pakati. Anali wamfupi, wosayankhulayankhula, koma mapapo ngati a galu wosaka. Malume anatha zaka ziwiri akulemba makalata ku sukulu ina ya mpira ya ku Blantyre, mpaka chaka chatha sukuluyo inavomera kutumiza munthu wodzasankha mwana mmodzi, mmodzi yekha, pamasewero athu ndi anyamata a kwa Kanduku.

Munthuyo anali a Melvin. Anafika pa galimoto, magalasi akuda kumaso, wotchi ya pachingwe pakhosi, pepala la timabokosi m'manja. Bwalolo sanaliponde n'komwe. Anangokhala pamthunzi, pampando womwe ine ndinasenza kuchokera kutchalitchi, ndipo mpaka lero khosi langa limandifunsa chifukwa chake.

Yakobe, yemwe anali kaputeni, anapambana mayere n'kuyang'ana malume. Malume analoza kumtunda monga mwa nthawi zonse. Mwanayo anagwira ntchito ya anthu atatu tsiku limenelo: kulanda mpira, kukwera nawo, kubwerera kudzatchinga. Koma chitunda ndi chitunda. A kwa Kanduku anali ndi Keith, mnyamata wamtali amene ankangoima kumunsi kudikira mpira umupeze, ndipo unamupezadi kawiri. Pokapuma tinali titagoletsedwa ziwiri kwa duu.

A Melvin anapinda pepala lawo n'kuimirira.

"Ndaona zokwanira, madala."

"Bwana, dikirani chigawo chachiwiri," malume anachonderera. "Bwaloli ndi lopendekeka. Mwana wangayu wakhala akukwera phiri."

"Talent imaoneka mu ten minutes, madala. Komanso madam andituma manachesi, ndikufuna ndikawapeze pa boma asanathe."

Manachesi! Pa Mwanza pano, mwezi wa Juni, pamene ngakhale nkhumba zimawakana! Ndinapsa mtima. Malume anawatsatira mpaka pagalimoto, chipewa chili m'manja, munthu wa imvi akupempha mphindi makumi anayi kwa mwana wa dzulodzuloli. A Melvin anawapatsa pepala limodzi kudzera pawindo n'kuliza galimoto.

Chigawo chachiwiri Yakobe anagoletsa zigoli zitatu, chachinayi anapatsira mnzake. Keith uja, atayang'anizana ndi chitunda, anagwira m'chiuno ngati mayi woyembekezera. Msika wonse unavina. Wodzasankha uja yekha ndiye panalibe.

Papepala lija, pansi pa dzina la Yakobe, panalembedwa kuti: wochedwa, mpweya wochepa. Amene anaitanidwa ku Blantyre ndi Keith. Sindimuda mwanayo, si iye anapendeketsa bwalo.

Lero Yakobe amapalasa kabaza. Amayi a matumba a mtedza amalola kudikira pamsika mpaka iye abwere, chifukwa ndi yekhayo amene satsitsa munthu pachitunda. Njinga yake amaikonza ndi malume, ndipo pepala lija analisunga m'bokosi la masipanala.

"Malume, inu simunalakwe," ndinawauza tsiku lina.

"Dyna, chala chinaloza kumtunda chija chinali changa," anayankha osadzutsa mutu.

Mpira akuphunzitsabe. Koma masiku ano pakangoima galimoto yachilendo pafupi ndi bwalo, ngakhale ya ogula mbuzi, kaputeni akapambana mayere n'kuwayang'ana, malume amaloza kumunsi.