Agogo Amene Ndinawatola pa Benchi

Ndili Fomu 3 ndinali ndi masewera anga amene ndinkawakonda kuposa netibo. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera ku depoti ya pa Boma, n'kusankha munthu wachikulire amene sindinamuonepo chibadwire, n'kumugwadira ngati m'bale amene tinasiyana kalekale. Kwathu kuno munthu wamkulu sangavomere kuti waiwala mwana wa m'bale wake. Amayamba wakuyang'ana kaye, maso akuyendayenda, kenako amati, "Wakulatu iwe. Amayi ako ali bwanji?" Dalaivala wina wa thiraki anafika pondigulira Fanta, n'kundituma moni kwa azakhali amene kulibe. Ine ndinkangofuna kuona kuti munthu afika pati asanagonje, ndipo palibe anagonjapo.

Kuseri kwa holo ya tchalitchi chathu, pafupi ndi depotiyo, kuli chipinda chimene amayi a mumpingo amagonekamo anthu osowa pogona. Ena amakhala obwezedwa pa boda, ena geni inawathera m'njira, ena anangokalamba kwawo kulibenso munthu. Matiresi ndi ochepa, ofuna ndi ambiri. Izi ndinkazidziwa pang'ono poti amayi anga ali m'gululo. Chimene sindinkadziwa n'choti Lachitatu limenelo munthu mmodzi anali atatulukamo, ndipo alembi a gulu anakhala pa khonde la holo kufunsa anthu kuti aone woyenera kulowa.

Ine ndinangoona bambo wokalamba atakhala pa benchi pafupi ndi khondelo, jumbo pamiyendo, chipewa m'manja. Ndinaganiza kuti akudikira minibasi. Ndinagwada bwinobwino, yunifomu mpaka m'matope a mvula yadzulo lake.

"Agogo, mwafika liti? Osatiuza bwanji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja. Malankhulidwe awo anali a tsidya lija la boda, ku Zambia.

"Ni iwe? Wakula manje. Kunyumba ali bwanji onse?"

Alembi aja anaika bolopeni pansi. "Iwe mtsikana, awa ndi agogo ako?"

Pa khondepo panali amayi ena atatu, onse ondidziwa. Ndinayang'ana mkuluyo kuti akane iwowo. Iwonso anandiyang'ana kuti ndikane ineyo. Aliyense ankaopa kusandutsa mnzake wabodza pagulu.

"Eya," ndinatero.

"Nanga bambo, bwanji mumatiuza kuti mulibe aliyense?"

"Ninali nisanamuone mwanayu," anayankha choncho, mawu ali pansi.

Apa m'pamene ndinaphunzira lamulo la gululo. Munthu amene ali ndi abale m'boma muno salowa m'chipinda chija. Amamuperekeza kwa abale akewo, poti amati kugoneka munthu wa abale kutchalitchi n'kuchititsa banja lonse manyazi. Mkuluyu anali woyamba pa mzere, atadikira masabata atatu pa khonde la golosale ina. Malo aja anapatsidwa mayi wina wa mwana kumsana amene anali pambuyo pawo, ife n'kuuyatsa ulendo wa kwathu, alembi patsogolo, ine nditasenza jumbo.

Tinakumana ndi amayi pakhomo akuchokera kuchigayo. Alembi sanadikire kuti atule ufa.

"Mayi, zoona agogo a mwana wanu azigona pa khonde la golosale inu muli pompano, komanso muli m'gulu lathu lomweli?"

Amayi anga akuluakulu akwawo amawadziwa onse, ndiye anangoona kuti awa ndi akwawo kwa abambo. Abambo ndi a ku Ludzi, ndipo abale awo ambiri anawolokera ku Chipata kalekale. Amayi anatula ufa, n'kugwada patali chammbali monga amachitira munthu kwa apongozi, maso pansi, n'kupepesa. Tsiku lomwelo tambala wathu anafa.

Abambo pobwera kuchokera kumene amakonza njinga anapeza munthu wachilendo atakhala pa mpando wawo akutsuka mkamwa. Anandikodola kuseri.

"Ndani amenewa?"

"Agogo."

Anagwedeza mutu ngati akumbukira. Kwa iwo, awa anali akwawo kwa amayi, a ku Zulu m'boma lomweli, mwina mmodzi wa akuluakulu amene analipo pa chinkhoswe chawo. Ndipo mkamwini safunsa apongozi kuti kodi ndinu ndani. Analowera khomo la kuseri, n'kukadyera kukhitchini.

Masiku atatu anatha chonchi. Amayi anasiya kulankhula ndi abambo, pokwiya kuti anawabisira m'bale n'kuwachititsa manyazi pamaso pa azimayi anzawo. Abambo ankaganiza kuti amayi akwiya chifukwa iwo sanawazindikire apongozi msanga, ndiye anangokhala chete kuti zisakule. Onse awiri ankamuthawa mlendoyo mwaulemu. Akatulukira pabwalo, amayi ankalowa m'nyumba. Akalowa m'nyumba, abambo ankakumbukira njinga ina yofunika kukonza. Wolankhula nawo ndinali ine ndekha. Chipinda changa anagonamo iwo, ine pa mkeka pabalaza, ndipo ndinkaseka mpaka m'mimba kupweteka.

Lachisanu masana ndikuwapatsira madzi osamba, anandiimitsa.

"Mwana iwe, niuze zoona. Ine pano ndine wa kuchikazi kapena wa kuchimuna?"

"Sindikudziwa, agogo."

"Ngati iwe sudziwa, adziwe ndani? Si ndiwe unanipeza?"

Anandiuza kuti anapita tsidya lija ali mnyamata kukagwira ntchito m'minda ya fodya, kenako ulonda pa malo oimika mathiraki. Maso atayamba kufooka anawachotsa. Pobwerera kumudzi anapeza pamene panali nyumba ya makolo awo pali munda wa munthu wina, ndipo achinyamata a kumeneko ankawatchula kuti m'Zambia. Chodabwitsa n'choti iwonso anali atayamba kukayika. Anawerenga pa zala alongo awo awiri ndi ana awo, n'kundiyang'ana mphuno, amvekere mwina ndithu pali kena kake. Ine ndemwe, mwini bodza, ndinayamba kudzifunsa ngati ndinanamadi.

"Matiresi aja anapita?" anafunsa pomaliza.

"Anapita."

Anatenga ndowa ija n'kulowa kubafa, ndipo ulendo uno kuseka kunandikanika.

Zinaululika Loweruka m'mawa chifukwa cha bulangete. Amayi anatopa ndi kukhala chete, anaima pakhomo la khitchini manja m'chiuno.

"Anthu akwanu akuzizidwa m'chipindamu. Kagulenitu bulangete, poti kuwasamala n'kwa ine ndekha."

"Akwathu ati?"

"Mukufunsa ine?"

"Si amalume anu a ku Zulu amenewa?"

Anayang'anana, kenako onse anatembenukira kwa ine. Ndinali ndi tsache m'manja. Ndinayesa kufotokoza mwaulemu, koma nditafika poti abambo akhala akudyera kukhitchini masiku atatu kuthawa munthu wa pa depoti, ndinaphulika ndi kuseka. Amayi anandilanda tsache lija, ndipo sanalilande kuti asese.

Tili mkati mwa zimenezo mkulu uja anatuluka, chipewa kumutu, jumbo itamangidwa kale. Kumwamba kunali kutada mbali ya ku boda.

"Mwanayu musam'menye yekha, tinanama tonse. Tambala wanu ninadya mwa bodza, munikhululukire."

Aka kanali koyamba amayi kuwayang'ana kumaso. "Ndiye mukupita kuti?"

"Pa khonde paja, ngati wina sanatengepo."

Amayi anawauza kuti akhale kaye pansi, ine anandigwira pamkono mpaka kunyumba kwa alembi. Alembiwo anamvetsera nkhani yonse osaseka ngakhale pang'ono. Anati chipinda n'chodzadza, ndipo mayi wa mwana uja sangamutulutse chifukwa cha chibwana changa. Anatsegula kope lawo n'kutionetsa pamene analemba kuti mkuluyu ali ndi abale. Anati angathe kufufuta n'kuwaika kumapeto kwa mzere, koma mvula ikhoza kutha malo asanapezeke, komanso ayenera kukafotokozera gulu lonse kuti banja lija lawakana.

"Sitinawakane," amayi anatero. "Si athu basi."

"Ndiye ndilembe kuti chiyani? Ali kwanu, adya kwanu, mwana wanu akuti agogo."

Amayi anayang'ana kope lija. Mvula inayamba kudontha pa malata. Ine ndinkayembekeza kuti andikalipiranso, koma anangomanga chitenje chawo bwino n'kuimirira.

"Musafufute."

Titafika kunyumba tinapeza abambo atatulutsa kale matayala akale ndi matumba a chimanga m'kachipinda kosungira katundu, mkulu uja akuwagwirira chitseko. Ndani anayambitsa zimenezo sindikudziwa, poti awiriwo anali asanalankhulanepo. Chilango changa chinali kuzira pansi ndi kuwachapira zovala teremu yonse. Ndinachapa, koma kupepesa ndinakana, chifukwa sindinkaona kuti ndipepese kwa ndani.

Ali pompano mpaka lero, amalondera njinga za abambo masana. Abambo sanazolowerebe kudya nawo mbale imodzi, ndipo ukawafunsa chifukwa chake amangokanda m'mutu. Alendo akafunsa ngati agogowa ndi a kuchikazi kapena a kuchimuna, amayi amaloza abambo, abambo amaloza amayi, eni akewo n'kumayang'ana ine.