Futali wa a Mfundo

A Lazarus Mfundo a ku Manjawira anaphunzira kuphika akugwira ntchito ku migodi ya ku Joni, koma atabwerako sanauze munthu. Kwa zaka makumi anayi ankangokhala pakhonde kudikira mbale.

Chaka chatha akazi awo, a Nangozo, anadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala anawaletsa mchere wambiri ndi mafuta. A Mfundo ananyamula okha dengu kupita kumsika, nasankha mbatata imodziimodzi, n'kuumiriza wogulitsa mtedza kuti aikepo basela. Atafika anasinja okha nsinjiro, amayi oyandikana nawo akufa ndi phwete, n'kuphika futali.

A Nangozo analawa kawiri, kenako n'kuwayang'anitsitsa.

"Ine kulira ndi utsi zaka zonsezi, inu mukudziwa kuphika chonchi?" anatero akuseka. "Ndikachira, bambo, mthiko umenewo musandibwezere."