Tsiku Limene Sanandiitane

Ndikakumbukira agogo aNaphiri, ndimamva fungo la girisi ndi shuga wopserera, fungo la akavalo amtengo amene ankazungulira pamakina m'paki ina kufupi ndi kwathu ku Ilford, kutsidya kwa nyanja. Akavalowo anali amakedzana, utoto utasupuka, maso agalasi, ndipo nyimbo yawo inkalira mokoka ngati wailesi yotha mabatire. Loweruka lililonse agogowo, amene anachoka ku Chipata kudzandilera, ankandikweza pa kavalo woyera wothyoka khutu.

Ndikatsika, ankandigwira dzanja n'kutembenukira kwa kavaloyo. "Tamanda, tiye kunyumba, usatsale."

"Agogo, inetu ndili pompano."

"Thupilo ndaliona. Mwana akasangalala kwambiri pamalo, mzimu wake umatsalira. Umafunika kuuitana."

Ndinkachita manyazi zedi, chifukwa ana anzanga ankatiyang'ana.

Loweruka lomaliza makinawo asanaphwasulidwe, agogo miyendo inawatupa, ndiye amene anandiperekeza anali amayi. Amayi ankathamangira basi yakuntchito, sanandiitane. Sabata yomweyo ndinasiya kudya, ndinasiya kulankhula. Ndinkangozungulira tebulo mpaka kugwa. Adokotala sanapeze kanthu. Agogo atafunsa ngati ndinaitanidwa, amayi anangoyang'ana pansi. Agogo sanakalipe, anangotenga ndodo yawo.

Tinafika kupakiko masana. Akavalo anali atawanyamula kale, akuti ena anakawaimika m'malo odyera ngati zokongoletsa. Panangotsala mzere wozungulira wa udzu wakufa. Agogo anaima pakati pake atandigwira dzanja mwamphamvu.

"Tamanda, tiye kunyumba."

Kuli zii. Anaitananso. Ataitana kachitatu ndinamva nyimbo yokoka ija chapansipansi, kenako kamwana kanayankha kumbuyo kwanga: "Ndikubwera, agogo." Mawuwo anali anga, koma pakamwa panga panali potseka.

"Usacheuke," anatero agogo. Tinayenda mpaka kunyumba osacheuka, ndipo titafika ndinamaliza mbale ziwiri za mpunga.

Pamalopo lero anamangapo mafulati. Agogo anatisiya kalekale ndisanawafunse ngati nawonso anamva mawu aja. Mantha ndikadali nawo, kunena zoona. Ndikamachoka ndi mwana wanga pakatungwe, ndimaitana dzina lake katatu, iye n'kumadandaula m'Chingerezi kuti ndikumuchititsa manyazi. Ndimamusiya adandaule. Akatsogola pang'ono, ndimaitananso langa.