Magalasi a pa thireyi

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, katundu weniweni amene ndinabwera naye anali makina osokera. Tinafikira ku Mpadue kwa mlamu wanga, ndipo ntchito inalipo ndithu, poti masukulu ankatsegulidwanso, mwana aliyense akufunika bata, ija ku Malawi timati yunifolomu. Ine ndinkasoka, bambo akunyumba ankasita. Kusita kwake kowotcha makolala, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Shuga anandipeza naye nyengo yotentha. Ku Tete kuno aliyense amamwa madzi ngati ng'ombe, ndiye ludzu langalo sindinalilabadire mpaka miyendo itayamba kulefuka popalasa makina. Kuchipatala anandipatsa makompirimidu, aja ku Malawi timati mapiritsi, n'kundiletsa tiyi wanga wotsekemera uja. Ndinamvera. Thupi linapepuka, koma maso anasokonekera. Ulusi sunkalowanso m'singano, mabata a ana a eni ali mulu pampando, sukulu ili pafupi kutsegulidwa.

Kumsika kunali bambo wina wa ku Nsanje wogulitsa magalasi pa thireyi. Anthu ankayesera pa kabokosi ka machesi, ine ndinapita ndi singano ndi ulusi wanga. Ndinapeza ondiyenera. Posakhalitsa, kuwavala kunali ngati kuyang'ana m'madzi a Zambezi nthawi ya dzinja. Ndinakabweza, anandisinthira. Ndinakabwezanso.

"Mayi, kodi kwanuko muli ndi maso angati?" anandifunsa.

"Achimwene, magalasi anuwa ndi amene akusasa ngati thobwa."

"Galasi silisasa. Maso anuwo mukawabweze kumene munawagula."

Ndinapitadi nawo kuchipatala. Namwino wake, mayi wachinyungwe, tinkamvana mophatikiza zilankhulo. Ndinamupempha kuti makompirimiduwo ndiyambe ndawasiya mpaka ndimalize mabata, poti ndisanayambe kumwa ndinkaona bwino.

"Ayi titiya," anatero, kunditcha azakhali. "Shuga akamatsika, diso nalo limasintha. Lero lifuna galasi ili, mawa lina. Mankhwala musasiye, magalasinso musagule mpaka shuga akhazikike."

Kenako anandiwunika ndi katochi, n'kupeza kuti kumanzere kwayamba ng'ala. Anati imeneyo shuga amaifulumizitsa, ndipo sichoka ndi kompirimidu, koma opaleshoni.

Nanga mabata aja? Bambo akunyumba anakhala maso anga. Ulusi ukaduka ndinkangoti, "Bambo, singano," iwo n'kusiya simbi, kubwera akung'ung'udza, lilime lili panja. Mpendero ndinkautsata ndi chala. Ana onse analowa m'kalasi atavala, ngakhale ena matumba anali opendekeka. Mayi mmodzi yekha ndiye anadandaula, nayenso mlandu wake sunali wa thumba, unali wa kolala yopsa.

Mvula itayamba, diso lakumanja linakhazikika, ndipo magalasi anandiyezera kuchipatala komweko. Ng'ala ija anadzaichotsa patapita nthawi. Tsiku limene ndinalowetsa ulusi ndekha, bambo akunyumba anabwerabe atamva makina aima, n'kuima pambuyo panga. Ndinawauza kuti abwerere, kolala ikupsa.