Holide Imene Anti a ku Colombia Anakhala Kwathu

Matiresi aja anali a buluu, opopa ndi phazi, ndipo ankanunkha ngati mpira watsopano. Abambo anawagula pamsika wa ku Bilston, kudziko la Angerezi kumene tinkakhala, tsiku lomwe tinatsekera sukulu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Masana omwewo amayi anabwera kuchokera ku shifiti ali ndi mayi wina wamfupi, wovala magalasi akuda, ndi mwana wake wamkazi wa msinkhu wanga atanyamula zovala m'jumbo.

"Awa ndi anti ako, kwawo ndi ku Colombia," amayi anatero. "Amakolopa kuwodi kwathu kuchipatala. Akhala nafe pang'ono."

Ine chimene ndinamva n'chakuti ndapeza mnzanga. Tinkadumpha pamatiresipo mpaka kuphwa, kenako n'kulimbirana kupopa. Iye ankandiphunzitsa manambala m'Chisipanishi, ine n'kumuphunzitsa fulaye pakapinga wa kuseri, mpira wake wa masokosi. Amayi akatiitana m'Chichewa, anti m'Chisipanishi, tonse tinkayankha m'Chingerezi, iwo n'kuyang'anana n'kuseka.

Anti ataona thumba la ufa wa chimanga m'kabati, anaomba m'manja ngati akumana ndi m'bale wawo. Anakanda ufawo, n'kuikamo tchizi, n'kukazinga timikate tophwatalala. Mpaka lero fungo la tchizi pamoto limandibwezera m'khitchini muja: zenera lili nthunzi yokhayokha, wailesi ikulira, abambo akuphunzira kuvina salsa miyendo ikupingana.

M'mawa uliwonse amayi ankatsuka bala la pamkono wa anti patebulo lodyera. Ife ana tinauzidwa kuti anagwa pamasitepe. Kwa dokotala ankakana kupita. Mapepala awo onse owaloleza kukhala m'dzikomo anali ndi amuna awo, ndiye ankaopa kukafunsidwa mafunso. Amayi anawanyengerera masabata awiri. "Unesi ndili nawo, koma fupa sindingalione ndi maso," ankatero. Potsiriza anapita limodzi. Anti anabwerako mkono uli mu pulasitala yoyera, ife n'kujambulapo maluwa.

Tsiku lina ndinafunsa amayi ngati anti anali osauka, popeza ankagona pansi. Funso limenelo ndimachita nalo manyazi lero, chifukwa ifenso tinkakhala nyumba ya lendi yodontha kubafa. Amayi sanasiye kusita yunifomu yawo. "Wosauka ndi amene alibe khomo loti akagogode," anayankha. "Awa anagogoda."

Kutatsala sabata kuti sukulu zitsegulidwe, bungwe lina lothandiza azimayi linawapezera chipinda kutali, kumene sindinauzidwe. Loweruka lomaliza, akutsuka ndi dzanja limodzi, anti anagwetsa mbale n'kusweka. Abambo anadzuka pampando kuti akatenge tsache. Pomwepo anti ananyonyomala pakona, manja kumutu. Abambo anaima chilili. Kenako anagwada chapatali n'kuyamba kutola zidutswa.

"Mbale yonyansa ija yachoka," anatero m'Chingerezi, pang'onopang'ono. "Zikomo, mlongo."

Anti anadzutsa mutu. Anayamba kuseka, kuseka mpaka misozi, amayi atawakumbatira. Ine ndinaseka kuposa onse, poganiza kuti ndi sewero latsopano. Ndinatembenuka kuti ndikoke mnzanga tisekere limodzi, koma ndinamupeza kunsi kwa tebulo, atatseka makutu. Ndinamukwiyira pang'ono: chibisalirano wayamba bwanji osandiuza?